Laputopu ikukana pasiwedi yolondola chifukwa kiyibodi yasintha chilankhulo

Funso: Akatswiri, ndine mphunzitsi wa sekondale m'boma la Dedza. Ndili ndi laputopu ya HP ya Windows 11 imene ndinaigula yogwirapo kale ntchito. Lamlungu madzulo mng'ono wanga anandisinthira chilankhulo cha makinawa kuti chikhale Chingerezi cha ku Britain, chifukwa Word inkajambula mizere yofiira pansi pa mawu amene ndawalemba bwinobwino. Kutacha, laputopu inayamba kukana pasiwedi imene ndakhala ndikuigwiritsa ntchito kuyambira kale. Nditadina kachizindikiro kooneka ngati diso, ndinaona kuti pamene payenera kukhala @ pakutuluka timizere tiwiri totsekulira mawu ogwidwa. Wokonza makompyuta wina wandiuza kuti ndi vairasi ndipo mankhwala ake ndi kufomata basi. M'menemo muli malikisi a ana a Fomu 4 ndi kafukufuku wa maphunziro anga, ndipo ndilibe pena pamene ndinasungapo. Kodi ndichite chiyani?

Yankho: Aphunzitsi, khazikani mtima pansi, ndipo laputopuyo musaipereke kwa munthu aliyense kuti aifomate, pakuti kufomata ndi kufufuta zonse zimene zili m'menemo. Malinga ndi zimene mwafotokoza, vutoli si la vairasi, pasiwedi yanu sinasinthe, ndipo malikisi a ana pamodzi ndi kafukufuku wanu zili momwemo monga munazisiyira. Chimene chasintha ndi mmene Windows ikumvera mabatani amene mukudina, ndipo zimenezi zimakonzeka popanda kufufuta fayilo ngakhale imodzi. Munachita bwino kudina kadiso kaja, chifukwa kakupatsani umboni wokwanira. Batani la 2 likamatulutsa " m'malo mwa @ mukalidina pamodzi ndi Shift, ndiye kuti Windows ikuyesa kiyibodi yanu kuti ndi ya ku Britain, pamene mabatani ake anasanjidwa mwa ku America.

Kuti njira zimene ndikuuzeni zimveke, ndi bwino mudziwe kaye mmene kiyibodi imagwirira ntchito, pakuti pa zaka zimene ndakhala ndikukonza makompyuta ndaona kuti ngakhale anzathu ena a ntchitoyi salabadira mfundo imeneyi. Mukadina batani, kiyibodi situmiza chilembo chimene chalembedwa pabatanipo. Imangotumiza nambala yosonyeza malo a batanilo, ndipo Windows ndiyo imayang'ana pa ndandanda imene yasankhidwa n'kuona kuti malo amenewo akuimira chilembo chiti. Zili ngati muzitchula mayina a ana m'kalasi potsatira pepala losonyeza amene amakhala pa desiki iliyonse. Mukatenga pepala la Fomu 3 n'kulowa nalo mu Fomu 4, madesiki adzakhala omwewo koma mayina amene mudzatchule adzakhala a ana ena. Zimene zalembedwa pa mabatani ndi penti chabe, Windows siziona. N'chifukwa chake kubwereka kiyibodi ina ya USB n'kuilumikiza, monga ambiri amachitira, sikuthandiza pa vuto ili, chifukwa kiyibodi yatsopanoyo idzatumiza manambala omwewo ndipo Windows idzawawerenga pa ndandanda yolakwika yomweyo.

Mng'ono wanu sanawononge chilichonse, ndipo cholinga chake chinali chabwino, popeza m'sukulu zathu timatsatira kalembedwe ka Chingerezi cha ku Britain. Chimene sanadziwe n'chakuti munthu akawonjezera chilankhulo mu Windows, chilankhulocho chimabwera ndi kiyibodi yake. Chingerezi cha ku Britain chimabwera ndi kiyibodi ya ku Britain, Chifalansa ndi ya ku France, Chipwitikizi ndi yake. Akachiika pamwamba pa zilankhulo zina, kapena akachotseratu chakale, kiyibodi yatsopanoyo ndiyo imayamba kugwira ntchito. Tsiku limenelo simunazindikire chifukwa zilembo zonse 26 ndi manambala onse zili pa malo amodzimodzi pa makiyibodi awiriwa. Zosiyana ndi zizindikiro zochepa chabe, ndipo mwatsoka @ ndi chimodzi mwa izo.

Tsono njira yachidule yolowera ndi iyi. Pa kiyibodi ya ku Britain, @ ndi " zinasinthana malo. Choncho mukafika pamene pasiwedi yanu ikufuna @, musadine Shift ndi 2. Gwirani Shift n'kudina batani limene lili kumanzere kwenikweni kwa Enter, lolembedwa ' ndi ", lomwe timadina polemba mawu ngati m'nyumba. Likupatsani @. Mukamaliza kulemba, dinani kadiso kaja osachotsapo chala kuti muwerenge chilembo chimodzichimodzi musanadine Enter. Ngati pasiwediyo ili ndi #, dziwani kuti Shift ndi 3 tsopano zikutulutsa chizindikiro cha ndalama ya ku Britain, £, ndipo # mumupeza pa batani la pamwamba pa Enter lolembedwa \, popanda kugwira Shift. Batani lomwelo mukalidina ndi Shift likupatsani ~. Zizindikiro !, $, %, ^, &, * sizinasunthe. Ndikukhulupirira kuti pa nkhani yanu ndime iyi yokha ikulowetsani.

Pali njira inanso imene muyenera kuyesa, imene ingakhale yosavuta kuposa pamenepa. Yang'anani pakona ya pansi kumanja kwa sikirini yolowera, pafupi ndi zizindikiro za intaneti ndi chozimitsira makina. Laputopu ikakhala ndi makiyibodi oposa amodzi, pamenepo pamaoneka zilembo monga ENG, ndipo pansi pake pamalembedwa UK kapena US. Dinani pamenepo ndi kusankha US, kenaka lembani pasiwedi monga mwa masiku onse. Mungathenso kugwira batani la Windows n'kudina batani lalitali losiyira mpata, kapena kudina Alt wa kumanzere pamodzi ndi Shift. Zilembozo zikapanda kuoneka pakonapo, ndiye kuti mng'ono wanu anachotsa kiyibodi yakale n'kusiya imodzi yokha, ndipo palibe chosinthira. Zikatero musataye nthawi ndi mabatani amenewa, bwererani ku njira yoyamba ija.

Chida chimene ine ndimadalira kwambiri munthu akandibweretsera laputopu yotere ndi kiyibodi ya pasikirini. Pakona yomweyo pali chizindikiro cha kamunthu mu Windows 11, chotchedwa Accessibility, ndipo mu Windows 10 chimatchedwa Ease of Access. Mukadina pamenepo mupeza On-Screen Keyboard. Ubwino wake ndi woti imaonetsa mabatani monga mmene Windows ikuwawerengera pa nthawiyo, osati monga mmene alembedwera pa laputopu. Dinani Shift pa kiyibodi ya pasikiriniyo ndipo muona chizindikiro chilichonse pamene chili. Lembani pasiwedi yonse podina zilembo ndi mausi, modekha. Njirayi imagwira ntchito pa chilankhulo chilichonse cha zilembo zathu zomwezi, ndipo imathandizanso batani lina likakhala kuti linafa. Kwa amene laputopu yawo ili ndi mabatani a manambala kumanja, palinso njira yogwira Alt n'kulemba nambala ya chizindikiro pa mabataniwo Num Lock ili yoyaka. Alt ndi 64 zimatulutsa @, Alt ndi 35 zimatulutsa #, ndipo Alt ndi 92 zimatulutsa \, mosasamala kanthu za kiyibodi imene yasankhidwa. Manambala a mzere wa pamwamba sagwira pa njira imeneyi.

Apa ndikuchenjezeni pa chinthu chimodzi. Musamangolemba pasiwedi mobwerezabwereza poganiza kuti mwina ulendo wina ilola. Kuyambira mu 2022, makompyuta ambiri a Windows 11 amatseka akaunti kwa mphindi 10 munthu akalakwitsa pasiwedi maulendo 10, ndipo pa laputopu ya kuntchito imene imayang'aniridwa ndi a zamakompyuta, akaunti ikhoza kutsekeka mpaka iwo eni ataitsekula. Uthenga wonena kuti akaunti yatsekedwa ukaoneka, musachite mantha, dikirani nthawiyo idutse makina ali oyaka, kenaka yesaninso mutaona kaye ndi kadiso kuti mwalemba zolondola. Ngati munaikapo PIN kapena chidindo cha chala, dinani mawu akuti Sign-in options pansi pa malo olembapo pasiwedi ndi kusankha chimenecho. PIN ya manambala okhaokha sikhudzidwa ndi kusiyana kwa kiyibodi ya ku America ndi ya ku Britain. Mukailakwitsa kangapo, Windows imakupemphani kuti mulembe A1B2C3 isanakupatseni mpata wina, ndipo zimenezo si chizindikiro cha vairasi.

Popeza owerenga ena akumana ndi vuto lomweli m'maonekedwe ena, ndiloleni ndifotokoze makiyibodi amene amapezeka kawirikawiri pa malaputopu ogwirapo kale ntchito ndi amene abale amatitumizira kuchokera kunja. Kiyibodi ya ku France, imene mzere wake woyamba wa zilembo umayamba ndi AZERTY, ndiyo imasokoneza kwambiri. A anasinthana malo ndi Q, Z anasinthana ndi W, ndipo M ali kumanja kwa L. Choposa apo, mzere wa manambala sutulutsa manambala pokhapokha mutagwira Shift, kotero munthu akalemba 1234 pamatuluka &é"'. Ya ku Germany imasinthanitsa Y ndi Z, ndipo @ amapezeka pogwira Alt wa kumanja, wotchedwa AltGr, n'kudina Q. Ya Chipwitikizi cha ku Portugal, imene abale athu a ku Tete ndi ku Niassa amaidziwa bwino, ili ndi Ç kumanja kwa L, ndipo @ amatuluka ndi AltGr pamodzi ndi 2. Zilembo zake zina zonse zili monga mwa nthawi zonse, koma zizindikiro zambiri za pamwamba pa manambala zinasuntha.

Pali kiyibodi ina imene imatipweteka ife olemba Chichewa mwapadera, yotchedwa United States-International, imene pakona paja imaoneka ngati ENG INTL. Mabatani ake onse ali ngati a ku America, koma mabatani a ', ", `, ~ ndi ^ amadikira chilembo chotsatira asanatulutse kanthu, kuti ngati ndi kotheka aphatikizane nacho. Munthu amene pasiwedi yake ili ndi mawu akuti ng'ombe akalemba pa kiyibodi imeneyi, pamatuluka ngómbe, ndipo ng'ona amasanduka ngóna. Zala zimadina mabatani olondola, koma chilembo chimodzi chasowa ndipo china chasintha. Pofuna kupeza chizindikiro chenichenicho, dinani batanilo kenaka batani losiyira mpata, ndiyeno pitirizani ndi chilembo chotsatira. Vuto limeneli ndi lovuta kulizindikira popanda kadiso kaja, chifukwa mawu ngati m'mudzi amalembeka bwinobwino pamene ng'oma akulakwika.

Nthawi zina mlandu umaperekedwa kwa chilankhulo pamene wolakwa ndi batani lina. Caps Lock ikayaka Windows imachenjeza yokha pansi pa malo olembapo pasiwedi, choncho imeneyo si yovuta. Yobisika ndi Num Lock pa malaputopu ang'onoang'ono amene alibe mabatani a manambala kumanja. Pa ambiri mwa iwo, makamaka akale, Num Lock ikayaka J, K ndi L amatulutsa 1, 2 ndi 3, U, I ndi O amatulutsa 4, 5 ndi 6, ndipo M amatulutsa 0. Mukaona manambala pakati pa mawu, dinani Num Lock, yokha kapena pamodzi ndi Fn. Koma batani likakhala kuti silikutulutsa chilichonse, kapena likutulutsa zilembo ziwiri nthawi imodzi, makamaka pambuyo poti tiyi kapena madzi zinatayikirapo, ndiye kuti kiyibodi yeniyeniyo yawonongeka, ndipo apa m'pamene kiyibodi ya USB imathandiza.

Mukalowa, chinthu choyamba kuchita si kukonza kiyibodi ayi. Tengani flashi kapena hadi diraivi yakunja mukopere malikisi aja ndi kafukufuku wanu, ndipo ngati muli ndi intaneti ikaninso kope lina pa OneDrive kapena Google Drive. Ndikunena izi motsindika chifukwa lero vuto ndi laling'ono, koma laputopu yogula yogwirapo kale ntchito simudziwa kuti hadi diraivi yake yatopa motani, ndipo malikisi a ana amene akukonzekera mayeso a MSCE sayenera kukhala pa malo amodzi okha.

Kenaka konzani chiyambi cha vutoli, ndipo simukufunika kutaya Chingerezi cha ku Britain chimene mumafuna. Chilankhulo ndi kiyibodi ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo Windows imalola kuti chilankhulo chikhale cha ku Britain kiyibodi ili ya ku America. Tsekulani Settings, pitani pa Time & language, kenaka Language & region. Pa mzere wa Chingerezi cha United Kingdom dinani timadontho titatu ndi kusankha Language options. Pansi pa Keyboards dinani Add a keyboard, sankhani US, ndipo mukatero chotsani ya United Kingdom podina timadontho take ndi Remove. Samalani kuti musankhe US yekha, osati United States-International imene ili pafupi naye pa mndandandawo. Mu Windows 10 njira ndi yomweyi, kungoti tsambalo limatchedwa Language ndipo mumadina Options. Mukatero Word ipitiriza kuvomera kalembedwe ka ku Britain, ndipo @ abwerera pa batani la 2. Amene sakudziwa kuti kiyibodi ya laputopu yawo ndi ya mtundu uti ayang'ane batani la 2 ndi la 3. Pakalembedwa @ ndi # ndiye kuti ndi ya ku America, ndipo batani la Enter limakhala lopingasa. Pakalembedwa " ndi £ ndiye kuti ndi ya ku Britain, ndipo Enter amakhala wamtali wotenga mizere iwiri.

Gawo lotsatira ndi limene anthu ambiri amalidumpha, n'kudabwa kuti vuto labweranso pakapita masiku. Sikirini yolowera ili ndi makonzedwe akeake osiyana ndi a akaunti yanu, chifukwa imayamba kugwira ntchito munthu aliyense asanalowe. Kuti nayonso itenge kiyibodi imene mwakonza, gwirani batani la Windows n'kudina R, lembani intl.cpl ndi kudina Enter. Pa windo limene litsekuke sankhani Administrative, kenaka Copy settings. Muona zigawo zitatu zosonyeza chilankhulo ndi kiyibodi za akaunti yanu, za sikirini yolowera ndi za maakaunti atsopano. Chongani pa Welcome screen and system accounts, chonganinso pa New user accounts ngati ena a m'banja adzakhale ndi maakaunti awo, dinani OK, ndipo zimitsani laputopu n'kuiyatsanso. Pamafunika kuti akaunti yanu ikhale ya administrator, zimene pa laputopu ya munthu mmodzi nthawi zambiri zimakhala choncho kale. Mudzamva ena akukuuzani kuti musinthe manambala mu Registry, nkhokwe imene Windows imasungamo makonzedwe ake, pa HKEY_USERS\.DEFAULT\Keyboard Layout\Preload, pamene 00000409 amaimira kiyibodi ya ku America ndipo 00000809 ya ku Britain. Zimenezo ndi zoona ndipo ife timazichita, koma sindikulimbikitsa kuti muchite nokha, chifukwa Copy settings imagwira ntchito yomweyo popanda chiopsezo choti mufufute chinthu cholakwika.

Ngati mwasankha kusunga makiyibodi awiri, mwachitsanzo chifukwa mumaphunzitsanso Chifalansa, dziwani kuti Alt ndi Shift zikagundidwa pamodzi mwangozi zimasintha chilankhulo popanda chenjezo lililonse, ndipo Ctrl ndi Shift zimasintha kiyibodi. Ana osewera magemu pa laputopu amazigunda pafupipafupi. Mungazimitse zimenezi pa Time & language, Typing, Advanced keyboard settings, kenaka Input language hot keys, n'kusankha Not Assigned pa zonse ziwiri. Pa tsamba lomwelo pali Override for default input method, pamene mumasankha kiyibodi imene iziyamba nthawi zonse. Batani la Windows ndi losiyira mpata zidzapitiriza kukusinthirani mukafuna nokha.

Tsopano pali msampha umodzi umene ndikufuna muumvetse, chifukwa umagwira anthu amene achita zonse molondola. Windows sisunga mabatani amene munadina pokhazikitsa pasiwedi, imasunga zilembo zimene zinatuluka. Ngati munthu anakhazikitsa kapena kusintha pasiwedi kiyibodi ili yolakwika, pasiwedi imene inasungidwa ndi ya zilembo zolakwikazo, ngakhale iye ankaganiza kuti walemba zina. Tiyerekeze kuti wina anadina Shift ndi 2 akuyesa kuti walemba @, pamene Windows inali pa kiyibodi ya ku Britain. Pasiwedi yake yeniyeni ili ndi ", ndipo wakhala akulowa bwinobwino kwa miyezi chifukwa zala zake zimadina malo omwewo. Tsiku limene adzakonze kiyibodi, pasiwedi idzakanidwa, ndipo kadiso kadzamuonetsa mawu amene iye akuona kuti ndi olondola. Chizindikiro china cha msampha umenewu ndi choti pasiwedi imodzimodziyo imagwira pa laputopu koma imakanidwa pa foni. Yankho lake ndi kulingalira chimene batanilo linkatulutsa pa kiyibodi yakale n'kulemba chimenecho. Inu aphunzitsi simuli mumsampha umenewu, popeza pasiwedi yanu inalipo kusinthaku kusanachitike, koma musasinthe pasiwedi musanamalize kukonza kiyibodi ndi kuyesa zizindikiro zonse mu Notepad.

Tinene kuti mwayesa zonsezi, kadiso kakuonetsa zolondola, koma laputopu ikukanabe. Zikatero zimadalira mtundu wa akaunti. Ngati mumalowa ndi akaunti ya Microsoft, imene imakhala ndi adiresi ya imelo, mungasinthe pasiwedi pa foni yanu pa tsamba la account.live.com/password/reset, ndipo nambala yotsimikizira idzabwera pa foni kapena imelo imene munalembetsa. Mukasintha, lumikizani laputopu ku intaneti podina chizindikiro cha netiweki pa sikirini yolowera pomwepo, ngakhale ndi hotspot ya foni, chifukwa popanda intaneti laputopu imangodziwa pasiwedi yakale. Sankhani pasiwedi yatsopano imene mungathe kuilemba pa kiyibodi imene ikugwira ntchito panopo. Ngati akauntiyo ndi ya pa laputopu pokha, mukalakwitsa pasiwedi pamaoneka mawu akuti Reset password, ndipo kuyambira pa Windows 10 ya mu 2018 amakufunsani mafunso atatu amene munayankha potsekula akauntiyo. Mayankhowo nawonso mukuwalemba pa kiyibodi yolakwika yomweyo, choncho aonetsetseni.

Chimene sindikufuna kuti muchite nokha ndi kulowa m'zigawo zokonzera makina, zimene zimatsekuka mukagwira Shift n'kudina Restart. Kumeneko kuli Reset this PC, imene ngakhale mutasankha kusunga mafayilo imachotsa mapulogalamu onse amene munaikamo, ndipo mukasankha molakwika imafufuta chilichonse. Kulinso nkhani ya BitLocker. Malaputopu ambiri a Windows 11 amabisa zonse zimene zili pa hadi diraivi mwa njira yoti sizingawerengedwe popanda kiyi, ndipo ambiri a eni ake sadziwa n'komwe kuti zili choncho. Kusintha makonzedwe a BIOS (pulogalamu imene imadzutsa makina Windows isanayambe), kuyatsira makina pa flashi, kulowa mu Safe Mode (njira yoyatsira Windows ndi zofunika zokhazokha pofufuza vuto), kapena kuchotsa hadi diraivi n'kuiika mu kompyuta ina kungachititse kuti mufunsidwe kiyi ya manambala 48. Kiyi imeneyi imasungidwa mu akaunti ya Microsoft imene inagwiritsidwa ntchito pokhazikitsa makinawo, ndipo mungaione pa account.microsoft.com/devices/recoverykey. Pa laputopu yogula kwa munthu, ngati Windows sinaikidwenso mwatsopano, kiyiyo ingakhale mu akaunti ya mwini wake wakale kapena ya kampani imene inkaigwiritsa ntchito. Popanda kiyiyo palibe katswiri amene angatulutse mafayilo anu. Choncho mukalowa, lembani BitLocker kapena Device encryption pa malo ofufuzira, onani ngati ndi yoyaka, ndipo kiyiyo ilembeni papepala muisunge kunyumba. Dziwaninso kuti masikirini ofunsa pasiwedi Windows isanayambe, monga ya BitLocker ndi ya BIOS, nthawi zambiri amawerenga mabatani mwa ku America mosasamala kanthu za zimene munasankha mu Settings.

Kwa amene sagwiritsa ntchito Windows, mfundo ndi yomweyi ndipo zosiyana ndi malo odina. Pa MacBook chosinthira kiyibodi chimaoneka pakona ya pamwamba kumanja kwa sikirini yolowera. Pa Ubuntu chilinso pamwamba kumanja, ndipo batani la Windows ndi losiyira mpata zimasintha. Pa Chromebook gwirani Ctrl ndi Shift n'kudina batani losiyira mpata.

Mukadzafuna kusintha pasiwedi m'tsogolo, ganizirani zimene zachitikazi. Ine ndimalangiza kuti pasiwedi yolowera mu laputopu ikhale yaitali, ya mawu angapo osagwirizana ndi manambala, m'malo mokhala yaifupi yodzaza ndi zizindikiro. Ngati chizindikiro chikufunika, sankhani !, $ kapena %, pakuti zimenezi zili pa malo amodzimodzi pa makiyibodi a ku America, Britain, Germany ndi Portugal. Pewani @, #, ", \ ndi ', ndipo musaikemo ŵ kapena chilembo chilichonse chokhala ndi kachizindikiro pamwamba, chifukwa tsiku lina mudzafunika kuchilemba pa kiyibodi imene ilibe. Ikaninso PIN pa Settings, Accounts, Sign-in options, kuti mukhale ndi khomo lachiwiri.

Pitani kwa katswiri ngati kiyibodi ya pasikirini yakanika ndipo simungathe kusintha pasiwedi kudzera pa foni kapena mafunso aja, ngati sikirini ya buluu ikufunsa kiyi ya BitLocker imene mulibe, kapena ngati mabatani ena afa. Ngati laputopuyo ndi ya sukulu kapena ya bungwe, musapite nayo kumsika, itengereni kwa amene amayang'anira makompyuta kumeneko, chifukwa iwo angatsekule akaunti yanu ndipo mwina ndiwo akusunga kiyi ya BitLocker. Kwa wokonza aliyense amene mungapiteko, muuzeni poyambirira kuti mafayilo asafufutidwe, ndipo mumufunse ngati waona kaye kuti hadi diraivi ndi yobisidwa kapena ayi. Mumufunsenso kuti akopera bwanji mafayilo anu asanayambe ntchito ina iliyonse, ndipo muwaone nokha pa flashi yanu. Dziwani kuti akachotsa pasiwedi pogwiritsa ntchito mapulogalamu a pa flashi, mapasiwedi amene munasunga mu Chrome kapena Edge pa akauntiyo akhoza kutayika, choncho onetsetsani kuti mukukumbukira a imelo ndi a masamba ofunika asanatero. Akakana kuyankha mafunso amenewa n'kumaumirira zofomata, tengani laputopu yanu mukafunse kwina.